Kubwerera ku mabuku a nthano: poyambira ndi kopezera ena atsopano

Mwezi wa Juni chaka chatha, ndikusesa m'chipinda, ndidakoka sutikesi yakale yomwe idakhala kunsi kwa bedi zaka zambiri. Pansi pa masatifiketi ndi zithunzi za ukwati wa achemwali anga padali kabuku kamodzi ka nthano ka m'gulu la Pacesetters, chikuto chakumbuyo chitachoka, masamba atafiirira, m'mphepete mutadyedwa ndi njenjete. Ndidati ndingoona tsamba loyamba lokha. Pomwe ndinkadzutsa mutu dzuwa lidali litapendeka, tsache lili poteropo, ine ndili pamutu wachisanu ndi chiwiri. Usiku wake ndidawerengetsa zaka, ndipo ndidapeza kuti zidali zitakwana 11 chimalizireni buku la nthano.

Ambirife tidawerengapo ndi mtima wonse tili kusekondale, tochi m'bulangete magetsi a kuhositelo atazimitsidwa, buku limodzi likuyenda m'manja mwa anthu khumi mpaka kuthothoka. Kenaka kudabwera ntchito, geni, ana, maliro ndi zinkhoswe, pamapeto pake foni, mabuku n'kutsalira m'makatoni. Koma chilakolako chija chimadzuka msanga munthu akakumana ndi buku lomuyenera. Zomwe ndalemba apazi ndi zimene ndidachita ine kuchokera tsiku la sutikesi lija, ndi zina zimene ndaona zikuthandiza anzanga omwe tidabwerera limodzi.

1. Yambani ndi zomwe mudazikonda kale

Musathamangire kukagula buku. Tengani pepala mulembe mabuku atatu omwe mudawawerenga mpaka nsima kuzizirira patebulo. Ngati dzina la buku lakuthawani, lembani zomwe mukukumbuka: mtsikana uja adathawa ukwati wokakamizidwa, wapolisi uja ankasaka zigawenga usiku mumzinda, mnyamata uja adapita ku Joni n'kubwerako chimanjamanja. Mukatha liyang'anitsitseni pepalalo. Ena amapeza kuti mabuku atatu onsewo ndi a chikondi. Ena ndi a upandu ndi ukazitape. Ena ndi a moyo wa kumudzi, ufumu, ufiti ndi milandu ya pabwalo. Chomwe chatuluka papepalapo ndicho chakudya chanu, ndipo poyambira pakhale pomwepo.

Alipo anthu amene amaona ngati munthu wamkulu, wa banja lake ndi digiri yake, sayenera kugwira mabuku a chikondi a Mills & Boon kapena a upandu a James Hadley Chase. Maganizo amenewa ine ndimawakana ndi mtima wonse, chifukwa ndi omwe amachititsa munthu kugula buku lalikulu lotchuka, kuwerenga masamba 20, kutopa, kenaka n'kugamula kuti kuwerenga kudamuchokera. Wodwala akayamba kuchira sitimuikira kondowole ndi nyama yootcha. Timayamba ndi phala, zinazo amadzazifuna yekha thupi likabwerera.

Chenjerani ndi mabuku omwe mudakumana nawo pa silabasi ya MSCE. Ambiri mwa iwo ndi okoma kwambiri, koma tidawawerenga tikuloweza ampangankhani, malo ndi mfundo zazikulu kuti tikayankhe mafunso, ndiye mpaka lero ukawatsegula fungo la chipinda cha mayeso limabwera. Buku lotere lisakhale loyamba. Lisungeni likhale lachitatu kapena lachinayi. Ine ndidatero ndi Nthondo ya Samuel Josia Nthara, yomwe idatuluka koyamba mu 1933. Ndili mwana wasukulu ndinkaona mnyamata wovuta basi. Nditaiwerenga ndili ndi ana anga, mtima wanga udali kwa akuluakulu omwe ankayesetsa kumuwongola, ndipo buku lomwelo lidakhala ngati lina.

2. Loyamba likhale laling'ono, m'chiyankhulo chomwe chimakutsetserekerani

Funani buku losapitirira masamba 150. Cholinga cha buku loyamba n'choti mulimalize, mukumbukire kukoma kotseka chikuto chomaliza mutu ukadali m'nkhani. Mabuku a Pacesetters, omwe kampani ya Macmillan idayamba kutulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, adalembedwera ntchito yomweyi: ndi aafupi, Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo nkhani zake zimachitikira m'mizinda ndi m'midzi ya mu Africa muno. Nthano zazitali zambiri za m'Chichewa nazonso ndi zoonda, zoti munthu angathe Loweruka ndi Lamulungu.

Ngati ngakhale masamba 100 akukuopsani, yambani ndi nkhani zazifupi. Nyuzipepala za kumapeto kwa sabata monga Malawi News ndi Weekend Nation zimakhala ndi masamba a zolembalemba, ndipo nkhani imodzi imatha tiyi asanazizire.

Pa za chiyankhulo, musadzikakamize. Ngati Chingerezi chimakuimitsani pa mzere uliwonse kuti mufufuze tanthauzo, tengani la Chichewa. Pali kukoma kwina komwe kumabwera mpangankhani akamakalipa kapena kufunsira mbeta m'mawu omwe mudawamva pakhomo panu. Mukapeza buku lakale kwambiri, kapena losindikizidwa ku Zambia, musadabwe kuona "cinthu" pomwe ife timalemba "chinthu", kapena pachikuto palembedwa Cinyanja. Kuno dzina loti Chichewa lidakhazikika mu 1968, kalembedwe n'kusinthidwa pambuyo pake, pamene anzathu a ku Chipata ndi Lusaka adasunga "c" wawo. Maso amazolowera pakangotha masamba awiri kapena atatu.

3. Lipatseni nthawi yake, ndipo ikhale yochepa

Mawu oti "ndidzawerenga ndikapeza mpata" ndi omwe adandidyera zaka 11 zija. Munthu wamkulu mpata amachita kuudula yekha. Dulani mphindi 15 patsiku, muzimangirire ku chinthu chomwe mumachita kale tsiku lililonse, kuti musamachite kukumbukira. Mnzanga wina amawerenga m'mamawa madzi osamba ali pambaula. Wina amawerenga masana akatha kudya kuntchito. Ine ndidasankha usiku, mbale zitatsukidwa, ana atalowa m'neti.

Musazipeputse mphindi zimenezi. Masamba 10 patsiku ndi masamba 300 pamwezi, omwe ndi mabuku aang'ono awiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kupatula nthawi yoikikayo, pali nthawi ina yambiri yomwe timaitaya osaiwerengera: pa depoti minibasi ikudikira kudzaza, pamzere kubanki, kusikelo ya mwana, kusaluni tsitsi likulukidwa, madzulo magetsi atazima wailesi yakanema ili zii. Buku lizikhala m'chikwama nthawi zonse, ndipo nyengo ya dzinja likulungeni m'jumbo. Kunyumba khalani ndi kanyali ka sola komwe mwakaika padzuwa masana.

Tsopano za foni, chifukwa apa ndi pomwe ambiri timagwera. Pa mphindi 15 zija foni isakhale pafupi ndi dzanja. Isiyeni patchaja m'chipinda china. Masiku oyambirira mudzaona chinthu chokhumudwitsa: maso afika pansi pa tsamba koma mutu sudagwire kalikonse, uli ku ngongole ya kugolosale kapena ku uthenga womwe simudayankhe. Izi zimachitikira aliyense amene wakhala zaka akuwerenga timauthenga ta mizere iwiri. Mutu udazolowera kudumphadumpha, ndipo umafunika kuuweta ngati ng'ombe yomwe yakhalitsa osakoka ngolo. Zinthu zitatu zidandithandiza. Choyamba, tsamba loyamba la tsikulo ndinkaliwerenga motulutsa mawu chapansipansi, chifukwa pakamwa pakamayenda mutu suthawa. Chachiwiri, ndinkayendetsa chala kunsi kwa mzere monga tinkachitira ku pulayimale. Chachitatu, ganizo la ntchito likabwera ndinkalilemba pakapepala kali pambali, n'kubwerera m'nkhani. Patatha sabata ndi theka, chala ndidasiya ndekha.

Kanthu kena kakang'ono: musamasiyire kumapeto kwa mutu, pomwe nkhani yapuma. Siyirani pokoma, pomwe wina wagogoda pachitseko ndipo simukudziwa kuti ndani. Olemba masewero a pawailesi amadziwa bwino chinsinsi chimenechi, n'chifukwa chake sabata yotsatira timakhala tatchera kale khutu.

4. Buku likakana, lisiyeni

Lipatseni masamba 40. Ngati pofika pamenepo simukusamala zomwe zimuchitikire munthu wa m'nkhaniyo, litsekeni mutenge lina. Simuli pamayeso ndipo palibe adzakufunseni. Buku lokakamiza limodzi limatha kukhala pampando miyezi itatu, likutsekereza mabuku asanu omwe mukadawakonda. Nthawi zina vuto limakhala nyengo chabe. Buku la imfa ndi chisoni silingalowe mwezi womwe mwaika m'bale wanu, koma chaka chamawa likhoza kukhala lomwe likutonthozeni.

Kuti musamagule mabuku okana, liyeseni musanapereke ndalama. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: chikuto chowala ndi mawu otamanda a kumbuyo zisakutengeni mtima. Werengani tsamba loyamba lonse muli chiimire, kenaka mutsegule chapakati pomwe anthu akuyankhulana. Mukamva ngati mawu awo ndi a anthu enieni, ndipo dzanja likufuna kutembenuza tsamba, limenelo ndi lanu.

5. Kumene mabuku amapezeka

Madandaulo omwe ndimamva kawirikawiri ndi oti mabuku ndi odula ndiponso sapezeka. Zoti atsopano ndi odula n'zoona. Koma mabuku alipo ambiri kuposa mmene timaganizira, kungoti ali m'malo omwe tidasiya kuyang'anamo.

Yambani m'nyumba za abale. Aphunzitsi opuma ntchito, abusa, amalume omwe adagwirapo ntchito m'boma, anthu otere amakhala ndi katoni kapena kabati yodzaza mabuku omwe palibe akuwagwira. Pitani mukawaone, mukatha kulonjerana muwafunse kuti, "Amalume, mabuku anu aja akadalipo?" Nthawi zambiri nkhope imawala, chifukwa papita zaka palibe wawafunsa funso limenelo. Kwa amalume anga ndidachokako ndi mabuku asanu ndi limodzi, ndi nkhani ya ola lathunthu ya mmene adagulira lililonse.

Kachiwiri, laibulale. National Library Service idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Ambiri timaiona ngati malo a ana okonzekera mayeso, n'zoona kuti matebulo amadzaza ndi iwowo, koma mashelefu a nthano amakhala poteropo akudikira. Tengani chiphaso chanu cha unzika, mufunse pakauntala zofunika kuti mulembetse ndi kumabwereka mabuku opita nawo kunyumba. Mukalembetsa musangozungulira nokha. Auzeni ogwira ntchito mmenemo mabuku atatu a papepala lanu lija, muwafunse chomwe chikufanana nawo. Safunsa adadya phula. Tsiku lobweza lomwe amadinda m'bukumo lilinso ndi ubwino wake, limakukankhani kuti mumalize.

Kachitatu, ogulitsa m'misewu ndi m'misika. Ku Limbe, ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu mumapeza anyamata atayala mabuku pachiguduli m'khonde mwa sitolo. Pamwamba amaika a sukulu chifukwa ndiwo amayenda malonda, a nthano amakhala pansi kapena m'thumba kumbuyo. Funsani kuti, "Achimwene, ma novel muli nawo?" ndipo mukhale pansi musankhe modekha ngati pa kaunjika. Musanalipire onani zinthu izi: tsamba lomaliza lilipo kodi, chifukwa palibe chowawa ngati kufika kumapeto n'kupeza masamba atatu adathothoka, manambala a masamba akutsatana bwino chapakati, msana wa buku sudasweke, silikununkha nkhungu. Mukaona zilembo zotuwa ndi mizere yopendekera, dziwani kuti ndi lojambulidwa pa makina mwakuba, ndipo silichedwa kumasuka. Nenererani mtengo monga mwa masiku onse. Mukazolowerana ndi wogulitsa mmodzi, mufunseni ngati angalole kuti muzibweza lomwe mwamaliza n'kuwonjezera kangachepe kuti mutenge lina. Ambiri amavomera, ndipo ena amayamba kukusungirani akapeza la mtundu womwe mumakonda.

Kachinayi, masitolo a mabuku. M'masitolo a CLAIM ndi ena otere anthu amaloweramo kukagula Baibulo, nyimbo ndi mabuku a ana asukulu, koma yang'ananinso shelefu ya olemba a kuno kwathu. Ngati thumba likulola, gulani buku latsopano limodzi pa miyezi itatu iliyonse, ndipo likhale la mlembi wa ku Malawi.

Kachisanu, foni yomwe ija. Pa intaneti pali Project Gutenberg, nkhokwe ya mabuku oposa 70,000 aulere, omwe ndi akale moti umwini wa olemba ake udatha. Ambiri ndi a Chingerezi, monga a Charles Dickens, a Jane Austen ndi nkhani za Sherlock Holmes. Buku lopanda zithunzi silidya bandulo, limachepa kuposa kavidiyo kamodzi ka pa WhatsApp. Likopereni pafoni kamodzi, kenaka muzimitse data powerenga kuti mauthenga asakulondoleni m'nkhani. Kulitsani zilembo, ndipo usiku chepetsani kuwala.

Pano ndinenepo za ma PDF omwe amayenda m'magulu a pa WhatsApp. Ngati ndi buku la mlembi wamoyo ndipo iye sadalole, chonde musalitumize kwa ena. Olemba ambiri a kuno amasindikiza ndi ndalama za m'thumba mwawo, ena mpaka ngongole, n'kumayenda ndi mabuku m'chikwama kugulitsa okha. Tikamadandaula kuti mabuku a Chichewa atsopano ndi ochepa, tizikumbukiranso kuti mlembi amene buku lake loyamba lidagawidwa ulere salembanso lachiwiri.

Kwa inu muli kunja, ku Britain kulembetsa ku laibulale ya m'dera lanu n'kwaulere, ndipo buku lomwe palibe mutha kupempha kuti alibweretse kuchokera ku nthambi ina. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town malaibulale a mzinda ali m'madera ambiri, kafunseni zofunika polembetsa. A Chichewa okha ndiwo ovuta kumeneko, ndiye wina akamabwera kuchokera kumudzi, pa ufa, usipa ndi chambiko muwonjezerepo buku limodzi.

6. Buku lililonse likulozereni linzake

Anthu ambiri amagwa akamaliza buku loyamba. Amalitseka mokondwa, n'kukhala sabata ziwiri opanda lina, chizolowezi n'kuzima ngati moto wosasonkhezera. Lamulo langa ndi ili: ndikatsala ndi masamba 30, lotsatira likhale lili kale patebulo.

Njira yapafupi yolipezera ndi kutsata mlembi. Mwakonda Njala Bwana ya Willie Zingani, funani Madzi Akatayika. Mwakonda Mtima Sukhuta ya Jolly Max Ntaba, funani Ikakuona Litsiro Sikata. Ngati chomwe chidakukokani mu Nthondo ndi moyo wa makolo ndi miyambo, pitani kwa John Gwengwe, mlembi wa Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe. M'zaka za m'ma 1980 makampani monga Popular Publications ya ku Limbe, Dzuka ndi CLAIM adasindikiza mabuku ambiri a Chichewa, ndiye mukaona mayina amenewa pamsana wa buku lakale pamsika, litoleni muliyese.

Njira yachiwiri ndi kutsata mndandanda. Mabuku a African Writers Series, omwe Heinemann idayamba mu 1962 ndi Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ambiri a nthano adali ndi chikuto cha mtundu wa lalanje, ndipo m'makope akale mumapezeka mndandanda wa mabuku ena a m'gulu lomwelo. Mndandanda umenewo ndi mapu. Ujambuleni pafoni muziyenda nawo. Mmenemo mudzapezamo a kwathu kuno: No Easy Task ya Aubrey Kachingwe ya mu 1966 ndi Smouldering Charcoal ya Tiyambe Zeleza ya mu 1992, yomwe ambiri adaidziwira kusukulu. Kunja kwa mndandandawo kuli No Bride Price ya David Rubadiri ya mu 1967 ndi Sugarcane with Salt ya James Ng'ombe. Ndipo ngati mumakonda nkhani yoona yokoma ngati yopeka, I Will Try ya Legson Kayira, ya mu 1965, imasimba mmene mnyamata wa kumpoto kwa dziko lino adanyamukira wapansi kulowera ku Sudan pofunafuna maphunziro, mpaka kukafika ku America. Ndi buku lomwe ndimapatsa aliyense wondiuza kuti mabuku a Amalawi satenga mtima.

Njira yachitatu ndi kufunsa anthu, koma funso likhale lolunjika. Mukafunsa kuti "buku labwino ndi liti?" munthu amatchula lotchuka lomwe mwina sadalimalize n'komwe. Funsani kuti, "Ndi buku liti lomwe lidakugonetsani mochedwa?" Yankho la funso limeneli silinama. Mukaona munthu m'basi ali ndi buku, dikirani adzutse mutu, mumupatse moni, mumufunse. Owerenga amakonda kufunsidwa.

Mukamaliza mabuku atatu a mtundu womwe mumaukonda, lachinayi lumphani mpanda. Wa zachikondi ayese la upandu, wa zakumudzi ayese la zam'tsogolo monga Azotus the Kingdom ya Shadreck Chikoti, wa olemba aamuna okhaokha ayese Nervous Conditions ya Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, ya mu 1988, yomwe nkhani yake ya mtsikana wolimbana kuti apite kusukulu ingathe kuchitika m'mudzi uliwonse wa kuno. Likakana, masamba 40 aja alipo.

7. Sungani kakope, samalani mabuku

Kakope ka masamba ochepa n'kokwanira. Lembani dzina la buku, mlembi, tsiku lomwe mwamaliza, ndi mzere umodzi wa zomwe zakutsalirani mumtima. Kumbuyo kwake lembani mabuku omwe anthu akuuzani, chifukwa dzina lomwe mwalimva m'basi silifika kunyumba mukapanda kulilemba. Mabukuwo akutireni ndi pepala la khaki kapena pulasitiki, ndipo asakhale pansi kapena kutsamira khoma, chiswe ndi chinyontho cha dzinja sizichedwa.

8. Pezani anzanu, muchite chipereganyu cha mabuku

Mabuku ndi odula kwa munthu mmodzi, koma kwa anthu asanu ndi otchipa. Pezani anzanu anayi, a kuntchito, a kutchalitchi, a kumzikiti kapena oyandikana nawo nyumba. Aliyense agule kapena abweretse buku limodzi. Pakatha sabata zitatu zilizonse mabuku asinthane manja mozungulira, ndipo pomwe gudumu likubwerera poyambira aliyense amakhala atawerenga mabuku asanu pa mtengo wa limodzi. Mmodzi asunge kope lolembamo kuti buku lakuti lili kwa uje kuyambira tsiku lakuti. Kope limeneli musalinyozere, maubale ambiri adazilala chifukwa cha buku lobwerekedwa lomwe silidabwerere. Gwirizananinso poyamba pomwe kuti wotaya kapena wonyowetsa buku agula lina.

Tsiku losinthana khalani pansi ola limodzi, ndi tiyi ndi mbatata ngati zilipo. Musalisandutse kalasi. Palibe chifukwa chofunsana za mfundo zazikulu ndi zifanifani. Yambani ndi funso loti, "Ndani wakukwiyitsani m'bukumu?" ndipo mudzaona nokha mkangano wake. Pagulu lathu, mayi wina wofatsa amene sayankhula kawirikawiri adaimirira tsiku lina kuteteza mkazi wa m'nkhani yemwe tonse tinkamudzudzula chifukwa chosiya banja. Adayankhula mphindi khumi osapuma, ndipo tonse tidabwerera kunyumba kukawerenganso mutu umenewo. Lamulo limodzi lokha likhale lolimba: amene wamaliza buku asaulule mathero kwa amene sadalilandire.

9. Werengerani wina mokweza

Tisanadziwe zilembo, nthano tidazidziwira m'makutu, madzulo pamoto, agogo akuti "Padangotero," ife n'kuyankha kuti "Tili tonse." Buku la nthano ndi mwana wa mwambo womwewo, ndipo mukaliwerenga mokweza limabwerera kwawo. Njira imeneyi imathandizanso mukaona kuti mwazilala, mwatha sabata ziwiri kapena mwezi osatsegula buku. Zikatero musayambirenso pachiyambi. Bwererani masamba asanu kuchokera pomwe mudasiyira, mupeze munthu woti mumuwerengere.

Sankhani buku la Chichewa lokhala ndi anthu oyankhulana kwambiri. Werengani mutu umodzi patsiku, osapitirira, ngakhale omvera achonderere. Musathamange. Sinthani mawu pang'ono pomwe akuyankhula mfumu, pomwe akuyankhula mwana, pomwe akuyankhula mpongozi. Omvera akafuna kuthirira ndemanga imani, muwalole, chifukwa kumeneko ndiko kuyankha kwawo kwa "Tili tonse."

Ine ndimawerengera mayi anga. Maso awo adayamba kuchita nkhungu zaka zingapo zapitazo, moti ngakhale buku la nyimbo amaliyandikitsa pamphuno. Ndikapita kumudzi kumapeto kwa mwezi timakhala pakhonde dzuwa likamalowa, iwo akusola mtedza m'lichero, ine buku m'manja, adzukulu atakhala pamphasa akunamizira kuti sakumvera. Pena amandiimitsa kuti, "Iwe, bwereza pamenepo, wati adamuyankha bwanji apongozi akewo?" Ndikabwereza amagwedeza mutu, manja osasiya mtedza, n'kunena kuti mwana ameneyo sadalangidwe. Mwezi watha tidasiyira pomwe mtsikana wa m'nkhanimo adalandira kalata yochokera kutauni, mdima utatikanika. Lachitatu lapitali foni idalira m'mamawa ndili m'minibasi. Adali mayi, pa foni ya mdzukulu wawo. Atandifunsa za ana ndi za mtengo wa feteleza kuno, adatsitsa mawu n'kuti, "Nanga buku lija usaliiwale pobwera. Kalata ija sitidaitsegule."